Ulendo wa boti tsiku lonse kuzilumba: wosadziwa bwino kusambira angalowe m'madzi?

Wofunsa:
Moni nonse a pagulu lino. Ndabwera kudzapempha nzeru kwa inu amene munakwerapo maboti aja opita kuzilumba za m'nyanja yamchere, onyamuka m'mawa n'kubwera dzuwa litapendeka, amene amakatula anthu kuti asambire ndi kuona nsomba ndi makorali (tinyama ta m'nyanja tooneka ngati miyala) atavala masiki (galasi lophimba maso ndi mphuno) ndi snorkel (kapaipi kopumira nkhope ili m'madzi).

Tidzakhala atatu: ine, amuna anga ndi mwana wathu wamkazi wa zaka 9. Abambo ake amasambira bwino. Mwanayo anaphunzirira m'dziwe losambiramo, nyanja ya mafunde sanailowepo. Ine ndimayandama pokhapokha ndikudziwa kuti ndikaimirira phazi ligunda pansi. Pakuya ayi.

Mwanayu wakhala akuuyembekezera ulendowu kwa nthawi yaitali, ndipo akufuna tidzaone nsombazo limodzi, osati ine ndili m'boti kulondera zikwama. Nanenso ndikufunitsitsa. Koma ndikaganiza zoti ine ndi iye tonse tili pamadzi akuya, abambo ake maso ali pawiri, tulo timandithawa.

Maulendo amene tapeza ndi amitundu iwiri. Wina ndi wa boti laling'ono lothamanga kwambiri, lofika pazilumba zisanu, paliponse n'kuima mphindi 30 kapena 40. Wina ndi wa boti lalikulu loyenda modekha, lili ndi denga ndi chimbudzi, koma limaima malo atatu okha. Amuna anga akukonda la zisanulo poti mwayi wotere subwera kawirikawiri. Inu mungasankhe liti? Kodi munthu ngati ine, nditavala laifu jaketi, ndingalowedi m'madzi popanda vuto? Nanga za nseru ndi kusanza m'boti mumatani? Chonde ndiuzeni zoona, musandinyengerere.

Wogwirapo ntchito m'maboti:
Amayi, mwafunsa nthawi yabwino, musanalipire. Ine ndagwira ntchito m'maboti otere, ndipo anthu osadziwa kusambira tinkawalowetsa m'madzi pafupifupi tsiku lililonse, n'kutuluka akusekerera. Madzi amchere amanyamula munthu kuposa a m'dziwe chifukwa lita iliyonse imakhala ndi mchere wokwana magalamu 35 kapena kuyandikira pamenepo. Mukawonjezera laifu jaketi yokukwanani bwino, kumira n'kovuta. Chimene chimavulaza anthu ndi mantha, kutopa, ndi kusowa munthu wowayang'ana.

Ndiye musasankhe boti powerenga zilumba. Sankhani poona mmene antchito ake amasamalirira anthu akakhala m'madzi. Alembereni uthenga muwafunse izi: kodi pamakhala wotsogolera amene amalowa m'madzi pamodzi ndi alendo, atagwira chiringa choyandama choti wosadziwa kusambira agwirire? Kodi wina amatsala pamwamba pa boti, ntchito yake kungoyang'ana anthu basi? Kodi boti limanyamula anthu angati, ndipo antchito ndi angati? Kodi ali ndi laifu jaketi za ana? Akamayankha mozungulira, akuti "musadandaule zonse zili bwino" osatchula chilichonse, asiyeni.

Funsaninso mmene amawerengera anthu asananyamuke pamalo alionse. Izi si zazing'ono. Mu January 1998 ku Great Barrier Reef, m'dziko la Australia, banja la Tom ndi Eileen Lonergan linasiyidwa pakati pa nyanja, boti n'kubwerera kumtunda, ndipo anthu anazindikira patapita masiku awiri. Sanapezekenso. Boti labwino limaitana mayina kapena kusainitsa aliyense akakwera, osati kungowerenga mitu mothamanga.

Kwa inu ndi mwanayo, ine ndikuti tengani lalikululo. Mphindi 30 ndi zochepa kwa munthu woyamba. Pofika pomwe mwavala, mwatsika, mtima wakhazikika, mpweya wayamba kuyenda bwino m'snorkel, amakhala akuimba kale wezulo kuti mubwerere. Komanso boti lothamanga limamenya mafunde mwamphamvu, makamaka kutsogolo, ndipo msana umamva.

Chomaliza: musamasambire kuseri kwa boti kufupi ndi injini, ndipo musalowe m'madzi mpaka woyendetsa atanena yekha kuti injini yazima.

Mayi wa ana atatu:
Achemwali, ine za nseru ndi zimene ndikuzidziwa. Mankhwala ake amagwira mukamwa musanakwere, osati mutayamba kale kumva chizungulire. Cinnarizine amamwa kutatsala maola awiri, dimenhydrinate kutatsala mphindi 30 mpaka ola limodzi. Onsewa amabweretsa tulo, ndiye yesani kumwa tsiku lina muli kumtunda kuti muone mmene thupi lanu limawalandirira, chifukwa kuwodzera muli m'madzi si zabwino. Za mwanayo funsani a ku famase kapena adokotala, mlingo wa ana ndi wina.

M'botimo khalani chapakati, pomwe pakupita mphepo, maso ali kutali kumene nyanja yakumana ndi thambo. Foni ikani m'chikwama. Nseru imabwera chifukwa m'kati mwa khutu mukumva kuti thupi likugwedezeka pomwe maso akuona chinthu chosasuntha. Musakwere ndi njala, koma musadzazenso mimba ndi zamafuta. Ndipo dziwani kuti boti likaima pa nangula n'kumangopendekera uku ndi uku, ena m'pamene amadwala kwambiri kuposa likuyenda.

Mnyamata wokonda maulendo:
Amayi, mugule masiki ija yophimba nkhope yonse. Mumapuma ndi mphuno ngati muli kumtunda, palibe zoluma paipi. Anthu oyamba amaikonda.

Wogwirapo ntchito m'maboti:
Achimwene, pamenepo ndikutsutsani mwaulemu. N'zoona ndi yosavuta poyamba, koma zotchipa zina sizitulutsa bwino mpweya woipa umene wapuma, ndiye umangoupumanso, mutu n'kuyamba kuwawa kapena chizungulire. Komanso munthu akachita mantha imavuta kuivula mwachangu, pomwe snorkel wamba umangoilavula. Maboti ena anailetsa kumene. Kwa mwana wa zaka 9 ine sindingalole.

Masiki wamba muiyese chonchi: iikeni kunkhope osakoleka lamba, mukokere mpweya pang'ono ndi mphuno. Ikamata osagwa, ndiye yakukwanani. Tsitsi lisalowe m'mphepete mwake chifukwa m'pomwe madzi amalowera, ndipo lamba musamange mothinitsa poganiza kuti ndiye sidontha, imadontha kwambiri. Kuti isachite nkhungu, pakani malovu kapena kadontho ka shampu ya makanda m'kati mwa galasi, mutsukuluze pang'ono. Madzi akalowa m'paipi, uzirani mwamphamvu kamodzi, atuluka.

Bambo wachikulire:
Ine ndilankhula mosiyana ndi anzangawa. Mwana wanga, ngati kusambira simudziwa, pakuya musapitepo. Khalani m'mphepete mwa chilumba pomwe mukuponda mchenga. Laifu jaketi imayandamitsa thupi koma siichotsa mantha, ndipo munthu wamantha amagwira aliyense amene ali pafupi n'kumukanikizira pansi. Amene adzakhale pafupi ndi inu ndi mwana wanuyo. Nsomba sizithawa, mudzaziona chaka china mutaphunzira.

Mayi wa ana atatu:
Bambo, mawu anu ali ndi nzeru, makamaka zogwira mwanazo. Koma ine ndikuona kuti pali njira yapakati. Amayiwa akhale ndi wotsogolera pa chiringa chija, mwana akhale ndi abambo ake, pafupi moti dzanja lingamufike nthawi iliyonse. Bambo mmodzi sangayang'anire anthu awiri. Ndipo asanapite, achemwaliwa akayesere m'dziwe kugona chafufumimba nkhope ili m'madzi akupuma ndi snorkel, kenako kutembenuka chagada n'kupumula. Akadziwa kutembenuka chagada, mantha ambiri amatha.

Wofunsa:
Zikomo nonse. Bambo, mawu anu andilasa mtima, zogwira mwana sindinaziganizepo ndipo ndi zoona. Ndikayesera m'dziwe monga anenera achemwaliwa. Nditaona kuti mtima sukukhazikika, ndikatsala pamchenga ndipo mwanayo ndimufotokozera chifukwa chake. Nanga madzi aja amakoka munthu kupita naye kutali, ndingawazindikire bwanji? Ndiponso tinthu toluma ta m'nyanjamo?

Wogwirapo ntchito m'maboti:
Pozungulira zilumba madzi amayenda, makamaka m'mipata ya pakati pa zilumba ziwiri ndi kumapeto kwa matanthwe, ndiponso nthawi imene nyanja ikudzaza kapena kuphwa. Vuto ndi lakuti nkhope ikakhala pansi ukutsatira nsomba, sudziwa kuti wasuntha. Dzutsani mutu pafupipafupi muone pomwe pali boti. Mukalowa, yambani n'kusambira molimbana ndi madziwo muli ndi mphamvu, kuti pobwerera akuthandizeni. Akakukokani musalimbane nawo mpaka kutopa: gonani chagada, kwezani dzanja limodzi m'mwamba n'kumaligwedeza, antchito akutsatani. Mwanayo mumuphunzitsenso chizindikiro chimenechi musanakwere. Munthu womira kawirikawiri sakuwa, pakamwa pake pamakhala potanganidwa ndi kufuna mpweya, n'chifukwa chake ndikulimbikira za munthu woyang'ana pamwamba pa boti.

Abambo akewo, poti ndi odziwa kusambira, muwauze asamapume mothamanga kambirimbiri asanamire pansi pofuna kukhalitsa. Zimenezo zimakomola munthu ali pansi pa madzi popanda chenjezo. Komanso mowa ayi mpaka mutatsika boti madzulo.

Namwino:
Ine ndionjezere za dzuwa, chifukwa ndi limene limawononga maulendo ambiri kuposa nsomba zoluma. Posambira chafufumimba, msana, khosi, makutu ndi kuseri kwa miyendo zimakhala padzuwa nthawi yonse, ndipo madzi amakuziziritsani moti simumva kuti mukupsa. Kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 4 koloko madzulo ndi pamene limawotcha kwambiri, ndipo tsiku lanu lonse lili m'maola amenewo. Ngakhale khungu lakuda limapsa, tisadzinamize. Valani malaya osambirira a manja aatali, mwana ndi inu nomwe. Pamalo otsala pakani mafuta oteteza ku dzuwa a SPF 30 kapena kupitirira (SPF ndi nambala ya pabotolo yosonyeza mphamvu yake), kutatsala mphindi 20 kuti mulowe m'madzi, ndipo mubwereze maola awiri alionse komanso mukatuluka m'madzi. Pabotolo pakalembedwa kuti sachoka pakhungu mukakhala m'madzi, amatanthauza mphindi 40 kapena 80 zokha.

Imwani madzi kwambiri ngakhale simukumva ludzu. Mutu umene anthu amabwera nawo madzulo nthawi zambiri ndi wa kuchepa kwa madzi m'thupi.

Za zoluma: jellyfish (kanyama kofewa koyandama, kokhala ndi timaulusi toluma) ikakukhudzani, tulukani m'madzi, musatikite, ndipo musatsuke ndi madzi akumwa chifukwa amapangitsa timinga totsala pakhungu kutulutsa ululu wina. M'madera otentha amathira viniga, makamaka pa mtundu woopsa wa box jellyfish, ndiye funsani ngati boti limanyamula viniga. Wolumidwayo akayamba kubanika kapena ululu ukakula, ameneyo ndi wa kuchipatala msangamsanga. Sea urchin ndi kanthu ka minga yakuda yaitali kokhala m'miyala, nsapato za m'madzi zimathandiza. Ngati pali wa asima, mtima kapena khunyu pakati panu, onanani ndi adokotala musanapite ndipo muwauze a m'boti.

Wokonda makorali:
Amayi, pempho langa ndi limodzi. Mukatopa kapena mukachita mantha, musaimirire pa makorali. Amaoneka ngati miyala koma ndi tinyama tamoyo, ndipo mitundu ina ikuluikulu imakula sentimita imodzi kapena ziwiri zokha pachaka. Phazi limodzi limathyola zimene zamera zaka zambiri, komanso limachekeka, ndipo chilonda cha korali chimachedwa kupola. Apa laifu jaketi imathandiza nyanjanso, chifukwa woyandama bwino safuna popondapo.

Ku Maya Bay, m'dziko la Thailand, maboti ndi alendo anachuluka mpaka boma linatseka malowo mu 2018, n'kudzatsegulanso mu 2022 ndi malamulo okhwima, kusambira m'gombemo koletsedwa. Ku Palau kuyambira 2020 ndi ku Hawaii kuyambira 2021 analetsa kugulitsa mafuta a dzuwa okhala ndi mankhwala otchedwa oxybenzone ndi octinoxate pofuna kuteteza makorali. Ndiye werengani pabotolo musanagule. Malaya a manja aatali anena a namwinowa amachepetsanso mafuta olowa m'madzi.

Nsomba musazidyetse ngakhale wina m'boti akupatseni chakudya choti muziponyere, zimasintha khalidwe n'kusiya kudya ndere zimene zimaphimba makorali. Kamba wa m'nyanja mukamuona musamuthamangitse kapena kumugwira, amafunika kukwera pamwamba kudzapuma. Inenso ndili kumbali ya boti loima malo atatu. Kuona maso a nkhono n'kudekha: ukangoyandama phee pamalo amodzi, nsomba zimene zinabisala zimayamba kutuluka, ndipo umamva ngakhale kukukuta kwa nsomba ya parrotfish ikudya pamwala.

Wofunsa:
Abale anga, mwandithandiza kwambiri. Ndawawerengera amuna anga mayankho onsewa ndipo avomera boti lalikulu. Ndawalemberanso eni ake mafunso aja. Ayankha kuti wotsogolera amalowa m'madzi ndi chiringa, wina amatsala pamwamba, amaitana mayina paliponse asananyamuke, ndipo viniga ali naye. Koma za laifu jaketi ya mwana angoti "tili nazo zazing'ono". Kodi zimenezi n'zokwanira, kapena tigule yathu?

Wogwirapo ntchito m'maboti:
Afunseninso, muwauze kulemera kwa mwanayo m'makilogalamu, chifukwa laifu jaketi za ana amazilemba ndi kulemera, osati zaka. Yabwino imakhala ndi lamba wodutsa pakati pa miyendo. Mukamuveka, mangani malamba onse, mugwire pamapewa a jaketiyo n'kukokera m'mwamba. Ikakwera mpaka kuphimba chibwano kapena makutu, ndi yaikulu, m'madzi idzamuvuka. Akalephera kukutsimikizirani, gulani yanu ndipo akaiyesere m'dziwe tsiku lomwe inu mukayesere snorkel. Yanunso muiyese chimodzimodzi musanatsike makwerero.

Namwino:
Mutengenso zovala zouma ndi thaulo lina m'thumba losalowa madzi. Pobwerera madzulo mphepo imawomba pa thupi lonyowa, ndipo ana amazizidwa msanga mpaka kunjenjemera.