Ana olowa Sitandade 1 mu Sepitembala: tiyambire pati?

Mlezi, Senga Bay: Alezi anzanga, ndigawireniko nzeru. Pasukulu yathu ya mmera mpoyamba pali ana 7 oti ayambe Sitandade 1 mu Sepitembala. Ambiri akuleredwa ndi agogo, makolo ali kumadoko kutsata usipa. Amabwera kawiri pa sabata, pensulo amaigwira ngati mpini, ukawafunsa kanthu amangozolika. Yatsala miyezi inayi.

Mlangizi wa zaumoyo, Lifuwu: Mayi, pensulo iyambe yadikira. Itanitsani mabuku awo a kuchipatala muone ngati analandira mankhwala a njoka za m'mimba. Funsani agogo ngati mwana akukodza magazi, paja kunyanja kuno likodzo silisowa, ndiponso ngati amagona m'neti. Makutu musawaiwale: imani kumbuyo kwa mwana mapazi atatu, mumuitane dzina motsitsa mawu. Akapanda kucheuka, kapena khutu likutuluka mafinya, apite kuchipatala. Ena timawanena kuti ndi amanyazi pamene sakumva bwino.

Mlezi, Chipoka: Kujombako nthawi zambiri ndi njala. Phala likhale la tsiku ndi tsiku: makapu 4 a mgaiwa, kapu imodzi ya soya. Soyayo mukazinge kaye musanagayitse, waiwisi amanunkha ndipo amavuta m'mimba. Soya akasowa thirani nsinjiro kapena usipa wouma wosinja. Lipse isanakwane 9 koloko. Mukalichedwetsa, nthano yanu akuimvera ndi tulo.

Mphunzitsi wa Sitandade 1, Salima boma: Chonde alezi, musawakakamize kukopera zilembo m'kope. Zala zisanakhwime amangotopa, n'kudana nako kulemba. Aumbe dongo, atunge zitsekerero za mabotolo pa ulusi, ajambule mizere ndi zozungulira pamchenga, kenako ndi khala, pensulo pomaliza. Powerengera, kuimba 1 mpaka 20 si kudziwa manambala ayi. Muuzeni akupatseni miyala 4. Akabweretsa dzanja lodzaza, bwererani pa 1 mpaka 5, azikhudza mwala uliwonse akamatchula. Chimene ife timafuna kwambiri ndi mwana wotha kunena dzina lake ndi mudzi wake, kupempha kupita kuchimbudzi, ndi kukhala mphindi 10 akumvera nthano n'kuyankha kuti kalulu anatani. Amene kwawo amayankhula Chiyao, muyambe nawo m'Chiyao, n'kubwereza zomwezo m'Chichewa.

Mlezi, Senga Bay: Nanga agogowo, poti ambiri sadziwa kuwerenga?

Mphunzitsi wa Sitandade 1: Sizifuna kuwerenga. Nthano imodzi kapena ndagi madzulo, ndipo mwana aziwerengera nsomba kapena tomato pophika. Mwana wamkulu wapafupi azimutenga m'mawa. Teremu isanatseke, pemphani ahedi kuti anawo adzaone kalasi ndi chimbudzi.

Mlangizi wa zaumoyo: Khomo limene mwaona kuti mwana amagona ndi njala kapena amamenyedwa, dziwitsani amfumu ndi ofesi yoona za chisamaliro cha anthu sabata yomweyo.