Tawonjezera ma thread koma liwiro la page cache silikusintha

Kadzidzi:
Ndikupempha nzeru kwa inu amene munagwirapo ntchito ndi makina a mapurosesa ambiri. Tili ndi seva ya Linux ya masoketi awiri (soketi ndi malo olumikizapo chip ya mapurosesa), soketi iliyonse ndi memory yake, ndipo pulogalamu yathu imawerenga mafayilo omwewo mobwerezabwereza, moti pafupifupi zonse zimachokera mu page cache (gawo la memory limene Linux imasungamo zimene yawerenga kale m'mafayilo), osati pa disiki. Titachulukitsa ma thread (tizigawo ta pulogalamu togwira ntchito nthawi imodzi) kuchoka pa 8 kufika pa 32, liwiro linangokwera pang'ono, pomwe mapurosesa onse akuoneka otanganidwa. Kodi tigule memory ina, kapena vuto lagona pena?

Mlonda:
A Kadzidzi, musathamangire kugula memory, chifukwa ngati disiki yakhala chete ndiye kuti cache yanu ndi yokwanira kale. Funso lenileni ndi loti masamba a cache amenewo (tizidutswa ta memory tosungamo mafayilowo) ali mbali iti. Makina a masoketi awiri ngati anuwo ndi a NUMA, kutanthauza kuti purosesa imafika msanga pa memory ya soketi yake koma imachedwa ikamatenga za ku soketi inayo. Linux, mukapanda kuiuza china, imaika tsamba pa node (soketi pamodzi ndi memory yake) ya purosesa imene yayamba kulikhudza. Choncho ngati thread imodzi ndiyo imawerenga mafayilo onse pulogalamu ikamayamba, cache yonse imaunjikana mbali imodzi, ndipo theka la mapurosesa anu limakhalira kuwoloka mlatho tsiku lonse.

Yambani mwaona zimene numastat, chida choonetsa kagwiritsidwe ntchito ka memory, ikusonyeza pa node iliyonse. Mukapeza kuti mbali imodzi yadzaza pomwe ina ili pululu, chotsani zonse za mu cache, kenako muyambitse pulogalamuyo ndi numactl --interleave=all kuti masamba agawidwe mosinthanasinthana. Njira imene ine ndimaikonda koposa, ngati ntchito yanu ingagawike, ndi kuyendetsa mapulogalamu awiri, iliyonse yomangiriridwa ku node yake ndi mafayilo akeake.

Chiswe:
Ndikugwirizana ndi a Mlonda, koma kuli chinthu china chimene numastat singakuonetseni. Mapurosesa a x86 amasunga memory m'timizere ta mabaiti 64, ndipo kuti purosesa ilembe pa mzere, iyenera kuyamba yaulanda kwa ena onse amene ali nawo. Anthu ambiri amaganiza kuti kuwerenga sikulemba kalikonse, koma kernel, mtima wa Linux, ikamakupatsani tsamba la mu cache imakweza kaye nambala yosonyeza kuti tsambalo likugwiritsidwa ntchito, kenako n'kuitsitsa. Ma thread 32 akamalimbirana masamba ochepa omwewo, mzere umodziwo umangoponyedwa uku ndi uku pakati pa masoketi, ndipo purosesa imaoneka yotanganidwa chonsecho ikungodikira. Zimachitikanso m'pulogalamu yanu yomwe, pamene ma counter a ma thread osiyana agundizana mumzere umodzi, chomwe chimatchedwa false sharing.

Mankhwala ake ndi akale ndithu: purosesa iliyonse ikhale ndi nkhokwe yakeyake. Jeff Bonwick anafotokoza slab allocator (njira imene kernel imagawira memory kuchokera m'zigawo zotchedwa ma slab) ya operating system ya Solaris mu 1994, ndipo mu 2001 iye ndi Jonathan Adams anawonjezerapo ma magazine, timatumba ta purosesa iliyonse, kuti kutenga ndi kubweza memory kusamadutse pa loko imodzi. SLUB, slab allocator ya Christoph Lameter, imene inalowa mu Linux 2.6.22 mu 2007, inapatsanso purosesa iliyonse slab yake. Gwiritsani ntchito perf c2c, imene imatchula mizere yolimbiranayo pamodzi ndi malo a mu code amene akuikhudza. Ikaloza pa ma counter anu, atalikitseni kuti aliyense akhale pa mzere wake, ndipo muziwaphatikiza pokhapokha mukafuna chiwerengero chonse.

Kadzidzi:
Zikomo kwambiri nonse awiri. Ndayang'ana, ndipo cache yambiri ilidi pa node 0, pakuti thread yoyamba ndiyo imatenthetsa mafayilo, kutanthauza kuwawerenga koyamba kuti alowe mu cache. Mnzanga wina akuti tiyatse vm.zone_reclaim_mode. Kodi zingathandize?

Mlonda:
Pa ntchito yanuyi, ayi. Mukaiyatsa, node ikadzaza kernel imataya masamba a cache a pa node imeneyo m'malo mobwereka memory ya inayo, ndiye mudzayamba kubwerera ku disiki, komwe n'kutali kwambiri poyerekeza ndi soketi yoyandikana nayo. Isiyeni pa 0. Sinthani kaye katenthetsedwe ka mafayilo, muyeze, ndipo perf c2c ibwere pambuyo pake, kuti mudziwe chimene chasintha liwiro.