Chipilala, mitengo kapena buku: tiwakumbukire bwanji alimi athu amene atisiya?

Mlembi: Moni nonse akuluakulu. Pa msonkhano wapitawu tinagwirizana kuti chaka chino tichitepo kanthu pokumbukira anthu a kumudzi amene atisiya m'zaka ziwiri zapitazi. Maganizo anabwera atatu: kumanga chipilala cha mayina, kudzala mitengo, ndi kulemba buku la mbiri zawo. Thumba lathu silingasenze zonse nthawi imodzi. Amene ntchitozi mumazidziwa, tiuzeni zofunika ndi pomwe zimavutira, tisavote tili m'chimbulimbuli.

Mmisiri: Zikomo a Mlembi. Ine ndaima pa chipilala, chifukwa aliyense wodutsa amachiona. Koma ndinene zoona pa kamangidwe. Maziko akumbidwe masentimita 60, ndipo ngati dothi ndi lamakande, lomwe limafufuma ndi mvula n'kung'aluka m'chilimwe, tikumbebe mpaka tipeze polimba. Konkire ikhale muyezo 1 wa simenti, 2 wa mchenga, 4 wa miyala, ndipo izithiriridwa madzi masiku 7 osadumphitsa. Pomwe ambiri amagwa m'mbuna ndi pa mayina. Kulemba ndi msomali pa pulasitala yaiwisi n'kosaboola m'thumba, koma pulasitala ikasweka dzina limasweka nayo. Penti naye amasupuka akapakidwa simenti isanakwane masiku 28. Chokhalitsa ndi mwala wolimba kwambiri wotchedwa granite, wozokota. Zilembo zikakhala zotalika masentimita 2.5, mzere uliwonse n'kutenga masentimita 4, mwala wotalika mita imodzi ulowa mayina ngati 20 mukasiya malo pamwamba ndi pansi.

Msungichuma: A Mmisiri, nanga mayina 20 akakwana? Imfa sidikira kuti tipeze mwala wina. Komanso chilembo chimodzi chikalakwika?

Mmisiri: Chikalakwika pa granite ndiye kwatha amayi. Amapala malo onsewo n'kuzokotanso, ndipo chipsera sichibisika. Za kudzaza, khoma limangidwe ndi malo a miyala inayi, tiziika umodziumodzi.

Mphunzitsi wopuma: Apo a Mmisiri mwatithandiza kuyankha funso lonse. Mwala umafuna dzina lolondola ndi zaka zolondola, ndipo zimenezo pakadali pano tilibe. Ndiye buku liyambe, mwala udzatsatire. Chinanso, mwala umangonena kuti uje anabadwa, uje anamwalira. Mlimi sasiya makalata kapena zolemba za ku ofesi. Zomwe ankadziwa zinali m'mutu ndi m'manja, ndipo zatsala kwa akazi ake, amuna ake, ana, ndi anzake olima nawo m'malire. Anthu amenewo nawonso ndi okalamba. Simenti tidzaipeza chaka chamawa, koma gogo wa zaka 80 amene akukumbukira nkhanizi sitingamusungitse.

Kalembedwe kake kakhale kotere. Munthu aliyense alandire pepala limodzi la A4, mbali zonse ziwiri, kaya anali wolemera kaya ankadalira ganyu. Pamwamba pakhale mayina onse: lobadwa nalo, la bambo, ndi lomwe ankadziwika nalo m'mudzi, poti kawirikawiri adzukulu amangodziwa lomalizali. Amayi alembedwe ndi mayina awoawo, osangoti akazi a uje. Kenako chaka chobadwa ndi tsiku lomwalira, makolo, komwe anachokera ngati anabwera kudzakhazikika, ana motsatana kubadwa kwawo, ndiye mbiri yeniyeniyo.

Pa chaka chobadwa tisamale. Ziphaso za okalamba ambiri zili ndi tsiku longoyerekeza lomwe kalaliki analemba kuti fomu idzaze. Tifananitse ndi kaundula wa kutchalitchi kapena kumzikiti ngati alipo, mabuku a kusukulu, ndi mabuku a makalabu a alimi. Zikasowa, tifunse kuti pa nthawi ya chilala chachikulu, kusefukira kwa madzi kapena kadamsana malemuwo anali msinkhu wanji, pakuti zaka za zochitika zotere zimapezeka. Tikapanda kutsimikiza tilembe kuti "cha m'ma" chaka chakuti. Kulemba tsiku lopeka kuti pepala lioneke laukhondo ndi bodza lomwe lidzakopedwa ndi zidzukulu mpaka kalekale.

Mlangizi wa zaulimi: Aphunzitsi mwanena zomveka. Ndiyambe ndi mitengo poti ambiri akuiona ngati yapafupi. Kudzala n'kosavuta: dzenje la masentimita 60 mbali zonse, dothi lapamwamba lisakanizidwe ndi manyowa owola bwino n'kubwezedwa pansi, mbande ilowe mvula ikakhazikika, mitengo italikirane mamita 3 kapena 4. Ntchito ili pa zaka ziwiri zoyamba: kuthirira m'chilimwe, kutchingira mbuzi, kulambula kuti moto usalowe, kulimbana ndi chiswe. Ina idzafa ndithu, palibe nkhalango yomwe mbande zonse zimagwira. Tsono taganizani mtengo womwe tapachikapo dzina la mayi wa munthu wauma, wa pafupi nawo uli biriwiri. Banja lija lidzamva bwanji, ndipo anthu adzanena zotani? Ngati tidzala, ikhale nkhalango ya onse, popanda dzina pa mtengo.

Pa bukulo, pempho langa ndi lakuti mafunso akhale a ulimi weniweni. Mukafunsa kuti "anali munthu wotani?" aliyense adzayankha kuti anali wabwino, wolimbikira, wokonda anthu, ndipo masamba onse, tinene a anthu 40, adzafanana ngati mazira a nkhuku imodzi. Funsani kuti ankadzala mbewu zanji, anazitenga kwa yani, ankazisankha bwanji pokolola, ankazisunga motani kuti anankafumbwe asalowe. Ankadziwira chiyani kuti mvula yodzalira yafika? Munda wotsetsereka ankautchinjiriza bwanji kuti usakokoloke? Ng'ombe kapena mbuzi ikatupa mimba ankatani? Ndani anakumba chitsime cha kudimba, ndani anayamba kulumikiza mitengo ya zipatso, ndani ankasula makasu? Pamenepo m'pomwe munthu amaonekera kuti ndi iyeyo osati wina.

Ndipo pofunsa muone ngati m'nyumba mwatsala mbewu ya makolo yomwe malemu ankasunga. Mbewu yotere imatha msanga mwini wake akapita, chifukwa otsala amaidya kapena kuisakaniza ndi ina. Pemphani pang'ono, manja awiri okha, muiumitse bwino pamthunzi, muitsekere m'botolo louma lolembedwa dzina la mbewu ndi la mwini wake, ndipo idzalidwe nyengo yotsatira. M'botolo singakhale zaka zambiri, mphamvu yomera imatsika chaka ndi chaka. Ya haibulidi musavutike nayo, yobwereza sibereka ngati kholo lake.

Wachinyamata wa zamakompyuta: Makolo anga, ndiloleni ndiikepo za kujambula mawu, chifukwa kulemba pamanja munthu akulankhula kumataya zambiri. Foni wamba ikwanira. Muitseke netiweki kuti wina asaimbe pakati pa nkhani, muiike pa nsalu yopinda patebulo, masentimita ngati 30 kuchokera pakamwa pa wolankhula. Kuigwira m'manja kumalowetsa phokoso la zala. Pewani pamphepo, pafupi ndi chigayo, ndi m'nyumba ya malata mvula ikugwa. Jambulani masekondi 30, mumvetsere, kenako muyambe. Poyamba nenani tsiku, dzina la wofunsa, la woyankha, la malemu, ndi ubale wawo. Zikuoneka zazing'ono, koma pakatha zaka zisanu palibe adzazindikire mawu a munthu.

Musapitirire mphindi 45 kapena ola limodzi, okalamba amatopa. Ndi bwino kupitako kawiri. Ngati foni ikulola, sankhani mtundu wa fayilo ya mawu wotchedwa WAV, womwe sufinya mawu, osati MP3. Pa muyezo wamba, WAV ya njira imodzi ya mawu (mono) imadya malo a mufoni pafupifupi 5 MB pa mphindi, ndiye ola limodzi ndi 300 MB ndi kanthu. Anthu 40 ndi pafupifupi 13 GB, si zoopsa. Choopsa ndi nthawi: kulemba mawu a ola limodzi kumatenga maola 5 kapena kuposa. Anthu 40 ndi maola 200. Wina asanene kuti achita yekha.

Kusunga kwake: makope atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, kope limodzi likhale kutali ndi mudzi. Fulashi kapena memore khadi yongoikidwa m'kabati zaka zambiri imatha kutaya zomwe zilimo, choncho chaka chilichonse wina azitsegula n'kumvetsera. Dzina la fayilo liyambe ndi chaka, mwezi, tsiku, kenako dzina la malemu. Ndipo chonde, zithunzi musamatumize pa WhatsApp mwachizolowezi, imazifinya mpaka nkhope imasokonekera posindikiza. Tumizani ngati Document.

Msungichuma: Mwana wanga, maola 200 amenewo agawidwe kwa anthu khumi, apo ayi buku lidzathera m'foni mwako. Ine nkhawa yanga ili pa anamfedwa. Tisathamangire pakhomo ndi foni misozi isanaume. Padutse miyezi itatu, ndipo tisapite nthawi yodzala kapena yokolola, adzangotiyankha mwachidule kuti tichoke. Banja livomere kaye, ndipo wovomerayo asayine kapena adinde chala pa kapepala konena zinthu ziwiri: kuti mbiri ilowe m'buku, ndiponso ngati akulola kuti iikidwe pa intaneti. Izi ndi zilolezo ziwiri zosiyana. Akakana, tilembe dzina ndi zaka basi.

Matenda omwe munthu anamwalira nawo asalembedwe. Aliyense. Tikalemba a ena n'kusiya a ena, pomwe tasiyapo m'pomwe anthu adzalozepo chala.

Wachiwiri kwa wapampando: Ndikugwirizana nanu amayi, ndiwonjezere chimodzi chomwe chingatiotche. Malire a minda ndi zoti munda wakuti anasiyira yani zisalowe m'buku. Buku lokhala ndi chidindo cha gulu lidzatengedwa ngati umboni pa mlandu wa malo, ndipo ife tidzaitanidwa kukayankha zomwe tinangomva kwa mbali imodzi. Lembani kuti ankalima kudimba kapena kumtunda, osati kuti kuchokera pa mtengo wakuti kufika pa chulu chakuti. Chimodzimodzi ngongole ndi mikangano ya m'banja. Kumene malemu anasiya mabanja awiri, afunsidwe onse, ndipo ana onse alembedwe.

Mmisiri: Zonsezi ndamva, koma sindinakhutire. Buku lidzatsekeredwa m'kabati mwa a Mlembi, chiswe n'kulidya. Ndipo ambiri mwa omwe tikuwalembera maso anafooka, ena sanapite kusukulu. Chipilala sichifuna kiyi.

Wosamala mabuku: Achimwene, nkhawa yanu ndi yoona, koma ili ndi mankhwala. Zomwe zimapha mapepala ndi zodziwika: asidi wa m'pepala momwemo, chinyezi, dzuwa, tizilombo ndi zitsulo. Pepala la nyuzi limachita chikasu msanga chifukwa cha asidi. Tigule pepala lopanda asidi, pa paketi pamalembedwa ISO 9706, lolemera magalamu 100 kapena 120. Tisindikize ndi makina a laser, a inki ya ufa, chifukwa inki yamadzi ya makina ambiri a inkjet imayenderera ikangokhudzidwa ndi madzi. Posayina tigwiritse bolopeni yolembedwa ISO 12757-2, yomwe inki yake inapangidwira zikalata. Buku lisokedwe ndi ulusi. Mawaya a sitepulala ndi timapini amachita dzimbiri n'kudya pepala, selotepi imauma n'kusiya banga.

Lisungidwe m'bokosi lachitsulo lotseka bwino, pa shelefu, osati pansi kapena kutsamira khoma lakunja. Chinyezi cha mumpweya chikapitirira 65 peresenti chuku chimayamba, ndiye nyengo ya mvula lizitsegulidwa tsiku louma kuti lipitidwe mphepo. Makope akhale atatu: kusukulu, kwa amfumu, ndi kwa a Mlembi. Banja lililonse lilandire tsamba lake.

Zithunzi za banja tisachoke nazo pakhomo. Nthawi zambiri chimakhala chimodzi chokhacho, chikatayika sitingachibweze. Chijambulidwe pomwepo, pamthunzi wowala, foni italunjika bwino, popanda fulashi yowunikira. Pakapezeka sikana, makina okopera zithunzi mu kompyuta, ikhale pa 600 dpi, muyezo wa kuoneka bwino kwa chithunzi. Chomwe chinamatirira ku galasi la felemu musachikoke, nkhope idzatsalira pagalasipo, chijambuleni chili momwemo. Ndipo musachite lamineti, kumata pulasitiki ndi makina otentha, chithunzi chakale kapena chikalata. Kutentha ndi guluu zimalowerera, ndipo pulasitikiyo sichotsekanso osang'amba.

Mphunzitsi wopuma: Pa za osawerenga, a Mmisiri, tsamba lililonse liwerengedwe mokweza pamaso pa banja lisanasindikizidwe. Pamenepo m'pomwe zolakwa zimagwidwa: dzina la mwana loiwalika, chaka chosemphana, mawu omwe wina sakufuna. Mfundo iliyonse yaikulu itsimikizidwe ndi anthu awiri ofunsidwa padera, chifukwa mukawakhazika pamodzi wamng'ono amangovomera za wamkulu. Akasiyana, tilembe zonse ziwiri ndi kunena yemwe wanena. Ndipo mayina omwe adzadutse m'sefa imeneyi ndi omwe mudzazokote pa mwala wanu popanda mantha.

Mmisiri: Ngati mwala ukubwera pambuyo osati kutayidwa, ndavomera. Koma zilembedwe mu mfundo za msonkhano, ndipo malo a chipilala apemphedwe chaka chino.

Wapampando: Zikomo nonse. Zomwe ndikuona ndi izi: tiyambe ndi buku, tiyese kaye ndi mabanja asanu kuti tione nthawi yomwe zikutenga, ndipo tiyambire komwe mboni zake ndi zokalamba kwambiri. A Mlembi mukonze kapepala ka chilolezo, alangizi ndi aphunzitsi mukonze mafunso osapitirira 15. Mayina alowe onse, banja lasonkha kapena silinasonkhe.

Msungichuma: A Wapampando, chatsala chimodzi. Tikuti alimi, nanga makanda ndi ana omwe anatisiya asanagwire khasu? Nanga omwe anabadwira kumudzi koma anamwalira ali kutali kuntchito? Tisanapite ku banja loyamba tigwirizane, chifukwa funso limeneli tidzakumana nalo pakhomo.

Wapampando: Ana alowe, ngati makolo awo afuna, ngakhale tsamba likhale la mizere itatu. Za omwalira kutali tivote Loweruka, aliyense abwere ndi maganizo ake.