Zoonjezera pa funso la mukula ndi mlombwa

Munafunsa ngati mukula ndi mlombwa, womwe ena kuno ku Lusaka amati mukwa, ndi mtengo umodzi. Tinayankha mwachidule kuti ndi pachibale, nazi zotsala.

Yonse ili mu genus imodzi, Pterocarpus, m'banja la nyemba, Fabaceae. Genus ndi gulu lokhala pakati pa banja ndi species (mtundu weniweni wa mtengowo). Mlombwa ndi Pterocarpus angolensis, mukula ndi Pterocarpus tinctorius. M'maina a sayansiwa, dzina loyamba limayamba ndi chilembo chachikulu, lachiwiri chaching'ono, ndipo polemba pamanja onse muwadule mzere kunsi.

Ambiri amasokonezeka chifukwa yonse ikatemedwa imatuluka utomoni wofiira ngati magazi. Utomoniwo sukuuzani species, ndipo thabwa lochekacheka silithandiza kwenikweni. Kuti mudziwe species, tengani nthambi ya masamba, maluwa ndi chipatso. Cha mlombwa ndi chozungulira, chaphiko, pakati pali minga yowirira. Ziumitseni m'manyuzipepala, muzisintha mapepala tsiku lililonse kuti zisachite nkhungu. Ngati simunatsimikize, lembani Pterocarpus sp., kutanthauza kuti species yake simunaidziwe.

Ogulitsa matabwa kunja, chenjerani: CITES, pangano la maiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zakutchire, inaika mukula pa Appendix II (mndandanda wa zofunika chilolezo pozitumiza kunja) mu 2019, ndipo mu 2022 inaikapo Pterocarpus yense wa mu Africa, mlombwa womwe.