Mankhwala omana khansa ya m'magazi chakudya: kodi mwana asiye mazira ndi nshawa?

Mayi wa ku Kapata, Chipata:

Mwana wa mng'ono wanga, wa zaka 6, anamupeza ndi khansa ya m'magazi ya mtundu umene madokotala akuutchula kuti ALL, ndipo akulandira chithandizo ku Lusaka. Pa mankhwala amene alembedwa pa khadi lake pali ena otchedwa asparaginase, ndipo amayi ake anauzidwa kuti amagwira ntchito pomana maselo a khansa amino asidi wina (kachidutswa kamene thupi limapangira mapuloteni), amene amapezekanso m'zakudya zomanga thupi. Tsopano pakhomo pabuka mkangano, chifukwa apongozi a amayi akewo akuti mwanayo akabwera kudzapuma tisamupatse mazira, kapenta, nyemba ngakhalenso ndiwo zotendera, poopa kuti tidzakhala tikudyetsa matenda amene madokotala akuwapha ndi njala. Chonde odziwa atithandize maganizo.

Mphunzitsi wa sayansi, Chadiza:

Amayi, pepani ndi matendawa. Maganizo a apongoziwo akumveka, koma mwanayo musamumane chakudya. Amino asidi amene akunenedwayo ndi asparagine, ndipo thupi la munthu limadzipangira lokha, kotero kuti ngakhale mutachotsa nshawa ndi mazira m'mbale, m'magazi adzapezekabe. Kusiyana kuli pa maselo: maselo abwino ali ndi enzaimu (puloteni yofulumizitsa ntchito za m'thupi) yopangira asparagine wawo, pamene maselo a ALL ali nayo yochepa kwambiri, ndipo amadalira kutapa amene akuyenda m'magazi. Zili ngati mabanja awiri, lina lili ndi chimanga m'nkhokwe, lina limadalira kugula pa msika tsiku ndi tsiku. Msika ukatsekedwa, logula lija ndilo limagona ndi njala. Asparaginase amaphwanya asparagine wa m'magazi, kaya wachokera ku chakudya kaya wapangidwa ndi thupi, motero selo la khansa limalephera kupanga mapuloteni ake n'kufa.

Mankhwalawa si atsopano ayi. Mu 1953 John Kidd anaona kuti madzi a m'magazi a mbira, zomwe zija ena amaweta m'nyumba, ankafwetsa zotupa za khansa mu mbewa, koma sanadziwe chifukwa chake. John Broome ndiye anasonyeza mu 1961 kuti chimene chinkagwira ntchitoyo ndi asparaginase. Popeza mbira sizikanakwanira odwala onse, akatswiri anayamba kuwatenga ku mabakiteriya a E. coli, ndipo ku America anavomerezedwa mu 1978.

Namwino wopuma pa ntchito, Katete:

Aphunzitsi anena zoona, ndipo ine ndiwonjezera za m'wodi. Chithandizo cha ALL chimatenga zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo asparaginase sayenda yekha, amaperekedwa limodzi ndi mankhwala ena monga vincristine ndi prednisolone. Mwana wowonda ndi wosowa zakudya m'thupi amavutika kupirira mankhwala amenewa ndiponso kulimbana ndi tizilombo, choncho phala lothira nsinjiro, dzira lophika bwino ndi nyemba ndi zimene zikufunika. Chimene muyenera kusamala pa nshawa ndi chuku: sankhani imodziimodzi, zonse zowola, zofota ndi zowawa mutaye, chifukwa poizoni wa chuku amawononga chiwindi, chimene chili kale pa ntchito yaikulu ndi mankhwalawa.

Zimene banja liyenera kuyang'anira zili kwina. Asparaginase angathe kutupitsa kapamba, chiwalo chimene chimatulutsa insulini, ndipo chizindikiro chake ndi kupweteka kwambiri kwa m'mimba cha kumtunda pamodzi ndi kusanza. Angathenso kukweza shuga, kotero mwana akamamwa madzi pafupipafupi ndi kukodza kawirikawiri, makamaka pamene akumwa prednisolone, kamuyezetseni. Nthawi zina magazi amaundana m'mitsempha, ndipo mutu wopweteka modzidzimutsa, kukomoka kapena kutupa kwa mwendo umodzi si zodikira kuti kuche. Chimodzimodzinso kutentha thupi kofika madigiri 38: musayambe ndi panado kunyumba poganiza kuti ndi malungo, thamangirani ku Chipata Central Hospital kapena ku St Francis kuno ku Katete mutanyamula khadi lake, ndipo muwauze pakhomo pomwe kuti mwanayo ali pa mankhwala a khansa. Ana ena thupi lawo limawakana mankhwalawa, amatuluka zidzolo kapena kubanika atangobayidwa, n'chifukwa chake amaperekedwa m'chipatala mokha, ndipo zikatero pali mtundu wina wochokera ku mabakiteriya a Erwinia.

Bambo wa ku Lundazi:

Ndilowerereko pang'ono. Bambo anga aang'ono, amene ndi okalamba, anawapeza ndi khansa ya m'magazi yotchedwa AML, koma dzina la asparaginase sitinalimvepo. Kodi njira ya njala imeneyi ndi ya ana okha?

Mphunzitsi wa sayansi, Chadiza:

Abambo, nkhani si ya msinkhu kwenikweni koma ya mtundu wa matenda, pakuti akuluakulu odwala ALL nawonso amapatsidwa asparaginase, ngakhale kuti zovuta zake zimawachulukira kuposa ana. Maselo ambiri a AML amatha kudzipangira asparagine, choncho mankhwalawa sali m'gulu la oyambirira kumeneko. Komabe mu 2018 ofufuza a ku University of Colorado anasonyeza kuti maselo amene ali gwero la AML, omwe amatsalira m'mafuta a m'mafupa n'kudzutsanso matenda, amadalira ma amino asidi kuti apeze mphamvu, ndiponso kuti mankhwala otchedwa venetoclax ophatikiza ndi ena otchedwa azacitidine amatseka njira imeneyo. Pa kafukufuku wa VIALE-A, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2020, theka la odwala olandira mankhwala awiriwo linapitirira miyezi 14.7 lili moyo, pamene kwa olandira azacitidine yekha inali miyezi 9.6. Kumeneko ndi kutalikitsa moyo, osati kuchiritsa, ndipo venetoclax ndi wodula kwambiri. Mukapita nawo ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka, funsani dokotala wa matenda a magazi ngati mankhwalawa angawayenere, polingalira msinkhu wawo ndi mmene impso ndi chiwindi chawo zilili.