Mawindo aja ndasintha

Zikomo nonse amene munandiyankha funso lija la mawindo anga amatabwa omwe anadyedwa ndi chiswe, loti ndiike achitsulo kapena a aluminiyamu. Ambiri munati aluminiyamu chifukwa sachita dzimbiri ndipo safuna penti, ndiye ndi amene ndaika.

Mvula yagwapo kale, madzi sakulowanso. Koma pali chinthu chimodzi chomwe palibe anachitchula: windo lokankhira m'mbali limatseguka theka lokha, chifukwa galasi limodzi limangobisala kuseri kwa linzake. Pabalaza palibe vuto, koma kukhitchini utsi ndi nthunzi zikanamachedwa kutuluka. Mwamwayi mmisiri anandichenjeza, kumeneko tinaika lamahinjesi lotseguka lonse. Kubafa tinaika galasi losaonekera mkati.

Amene mukufuna kusintha anu, muyezetse malo a windo pamwamba, pakati ndi pansi, kenako mutenge muyezo wochepawo, poti makoma akale sakhala owongoka. Mpata wotsala amatseka ndi silikoni. Timizere tomwe galasi limayendamo timadzaza fumbi msanga, muzitisesa ndi kaburashi. Timabowo ta pansi pa felemu musatimate, ndi motulukira madzi a mvula.