Zotsatira za funso langa lokhudza madzi a m'thanki yatsopano ya nsomba

Masabata asanu apitawo ndinafunsa chifukwa chimene madzi a m'thanki yanga yatsopano ya malita 200 ankachitira mbuu, komanso chimene chinapha nsomba ziwiri za mtundu wa mbuna ngakhale kuti ndinkasintha madzi onse pakapita masiku atatu alionse. Ambiri munandiyankha kuti vuto linali kusinthako, ndipo lero ndikuvomereza kuti munanena zoona.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti ndowe za nsomba ndi zakudya zotsala zimatulutsa ammonia, amene ndi poizoni kwa nsomba, ndipo pamafunika mabakiteriya okhala m'sefa yoyeretsera madzi kuti asandutse ammoniayo kukhala nitrite, amenenso ndi poizoni, kenako nitrate, amene saopsa kwambiri. Mabakiteriyawa amatenga masabata 4 mpaka 6 kuti achuluke, koma ine ndinkawapha potsuka siponji ya sefa ndi madzi a pampopi okhala ndi klorini. Zimenezi zimandipwetekabe mtima, chifukwa ndinkaona ngati ndikuzisamalira bwino nsombazo.

Kuyambira pamenepo, ammonia kapena nitrite akakwera ndinkachotsa gawo limodzi lokha mwa magawo anayi a madziwo, n'kubwezeramo ena otentha mofanana, amene ndinali nditathiramo kale mankhwala ochotsa klorini. Siponji ndimaifinyira m'ndowa ya madzi ochokera m'thanki momwemo, ndipo chakudya ndinachepetsa. Pa tsiku la 31 chiyambireni kuchita zimenezi, zoyezera zinaonetsa 0 pa ammonia ndi nitrite yemwe.

Mbuna zinayi zotsalazo zayambanso kudya ndere pamiyala, ndipo pH (muyezo wa asidi m'madzi) ili pa 8, mlingo umene nsomba za m'Nyanja ya Malawi zimakhalamo bwino. Tsopano ndizisintha madzi kamodzi pa sabata, ndipo nsomba zina ndidzaziwonjezera ziwiriziwiri kuti sefa isalemedwe.